Kalasi ya drone ku sekondale: zophunzitsira za mayeso a Part 107 muzitenge kuti?

Ku America, mwana wa sekondale wa zaka 16 atha kukhala ndi chiphaso cha boma chomulola kuulutsa drone pa ntchito yolipidwa, monga kujambula nyumba zogulitsa, kuyendera madenga kapena kuona mmene mbewu zikukulira m'minda ikuluikulu. Chiphasochi chimachokera ku FAA, bungwe loyang'anira za ndege m'dzikolo, potsata malamulo otchedwa Part 107 amene anayamba kugwira ntchito pa 29 Ogasiti 2016. N'chifukwa chake masukulu ambiri atsegula kalasi yokonzekeretsa ana mayeso amenewa. Kawirikawiri kalasiyo imagwera mphunzitsi wa sayansi, wa zaulimi kapena wa makompyuta, munthu amene sanakhalepo pa mpando wa woyendetsa ndege. Ahedi amangomuuza kuti chaka chino kalasiyo ndi yake, zophunzitsira aone yekha.

Aphunzitsi, musanatulutse ndalama ya sukulu, yambani mwadziwa chimene mayesowo amafunsa. Pali mafunso 60 osankha yankho, nthawi ndi maola awiri, ndipo wokhoza ayenera kupeza 70 pa 100. Amalembedwa pa kompyuta m'malo olembera mayeso a kampani ya PSI, ndipo kulowa kamodzi ndi madola 175. Wolephera amadikira masiku 14 n'kulipiranso. Mwana amaloledwa kulemba ali ndi zaka 14, koma chiphaso amalandira akakwanitsa 16, ndipo zotsatira zake zimakhala ndi mphamvu kwa miyezi 24.

Chodabwitsa n'chakuti palibe mayeso oulutsa. Palibe amene adzaimirire pambali pa mwanayo kuona ngati amatha kutsitsa drone bwinobwino. Munthu atha kukhoza mafunso onse 60 asanagwirepo rimoti. Mayesowa ndi a malamulo, mapu a mlengalenga, nyengo, kulemera kwa ndege ndi kaganizidwe ka woulutsa. Choncho kalasi yanu ili ndi ntchito ziwiri zosiyana, kukhozetsa mayeso ndi kuphunzitsa manja, ndipo palibe gwero limodzi la zophunzitsira limene limachita zonsezi bwino. Wogulitsa aliyense adzakuuzani kuti lake limachita. Musamumvere msanga.

Zolemba za FAA, zaulere

Zonse zimene zimafunsidwa pa mayeso zili m'zolemba zimene FAA inaika pa intaneti kwaulere. Choyamba kutsitsa ndi Airman Certification Standards ya ma drone aang'ono, imene anthu amangoti ACS. Imeneyi ndiye silabasi yeniyeni. Inagawa maphunziro m'zigawo zisanu, ndipo mfundo iliyonse ili ndi nambala yake. Mwana akalemba mayeso, pepala la zotsatira limaonetsa manambala a mfundo zimene walakwa, kotero mphunzitsi amene anakonza maphunziro ake motsata ACS amadziwa pomwepo pamene kalasi ikutsimphina.

Chachiwiri, chimene ndimachiona chofunika kuposa zonse, ndi kabuku ka zithunzi ndi mapu ka nambala FAA-CT-8080-2H. Kabuku kameneka ndi komwe mwana amapatsidwa m'chipinda cha mayeso. Funso likanena kuti onani chithunzi chakuti, chithunzicho chili mmenemo. Ndiye ngati pali chinthu chimodzi choyenera kuonongerapo ndalama, n'chakuti mwana aliyense akhale ndi kope lake la papepala, losindikizidwa ndi mitundu. Mapu a ndege akasindikizidwa akuda ndi oyera amasanduka opanda ntchito, chifukwa tanthauzo lonse lili m'mitundu. Mzere wabuluu wosaduka umazungulira mlengalenga wa Class B, wa mabwalo a ndege otanganidwa kwambiri. Mzere wofiirira wosaduka ndi Class C. Wabuluu wodukaduka ndi Class D. Mthunzi wofiirira wozimirira umasonyeza kuti Class E ikuyambira mafiti 700 kuchokera pansi. Kampani ya ASA imasindikiza kabukuka pa mtengo wotsika, ndipo mwina zingakutsikireni kuposa inki ya makina a pasukulu.

Palinso buku lokonzekerera mayeso la FAA-G-8082-22, Advisory Circular 107-2A imene imamasulira malamulo m'chilankhulo chomveka, ndi buku lalikulu la oyendetsa ndege, Pilot's Handbook of Aeronautical Knowledge, mmene mitu ya nyengo ndi ya mlengalenga inalongosoledwa mwakuya. Apa chenjerani. Buku lokonzekerera mayesolo linatuluka mu 2016, ndipo malamulo anasintha kwambiri pa 21 Epulo 2021. Kuyambira tsiku limenelo munthu atha kuulutsa usiku popanda chilolezo chapadera, bola drone ikhale ndi nyali yooneka pa mtunda wa mamailosi atatu. Panabweranso magulu anayi a malamulo oulutsa pamwamba pa anthu, komanso Remote ID, njira imene drone imaulutsira nambala yake ndi malo amene ili. Mukadalira buku la 2016 lokha, mudzaphunzitsa ana malamulo amene anatha ntchito.

Vuto la njira imeneyi ndi nthawi yanu. FAA inalembera akuluakulu owerenga okha. Mulibe ndondomeko ya phunziro la mphindi 50, mulibe ntchito ya m'magulu, mulibe mayeso a kumapeto kwa sabata. Komanso FAA siitulutsa mafunso enieni a mayeso, imangopereka zitsanzo zochepa. Mphunzitsi wa luso amene wapatsidwa tchuthi chonse kuti akonzekere atha kumanga kosi yabwino kuchokera mmenemu. Amene wauzidwa kutangotsala masabata awiri kuti sukulu itsegulidwe adzagona pakati pa usiku chaka chonse.

Maphunziro a AOPA

AOPA ndi bungwe la eni ndege ndi oyendetsa ndege, likulu lake lili ku Frederick m'chigawo cha Maryland. Kudzera m'ntchito yake ya You Can Fly, linakonza maphunziro a zandege a sekondale, kuyambira giredi 9 mpaka 12, ndipo limawapereka kwaulere ku masukulu amene alembetsa n'kuvomerezedwa. Zaka zoyamba ana amaphunzirira pamodzi, kenako njira imagawikana pawiri: ina ya oyendetsa ndege zenizeni, ina ya ma drone, imene imafikitsa mwana ku mayeso a Part 107.

Zimene FAA sinapereke mumazipeza kuno: ndondomeko za maphunziro, zoonetsa pa bolodi, ntchito zamanja, mayeso a m'kalasi, ngakhalenso maphunziro a mphunzitsi mwini. Anawalemba poganizira mwana wa zaka 15 amene amatopa msanga ndi kumvetsera. Kwa sukulu imene ikufuna kuti zandege zikhazikike kwa zaka zambiri, sindikuona china chopambana apa, makamaka poti salipiritsa.

Koma anawakonza ngati ulendo wa zaka zinayi. Ngati mwapatsidwa teremu imodzi yokha, ndipo cholinga n'chakuti ana alembe mayeso isanathe, mudzapeza kuti zina zimene mukufuna zinaphunzitsidwa kale m'magiredi a m'mbuyo amene ana anu sanadutsemo. Muyenera kudumphadumpha n'kumasoka nokha. Chinanso, kulembetsa kumachitika m'dzina la sukulu ndipo kumafuna kuti akuluakulu asainire, choncho si chinthu choti mungatsitse Lamlungu madzulo n'kukaphunzitsa Lolemba.

Makosi ndi mabuku ogula

Apa ndi pamene pali phokoso lalikulu. Pilot Institute, Drone Pilot Ground School ya UAV Coach, King Schools ndi Sporty's amagulitsa makosi a mavidiyo pa intaneti. ASA ndi Gleim ndi odziwika ndi mabuku komanso mapulogalamu a mafunso oyeserera. Ena mwa iwo ali ndi mitengo ya masukulu, ndi tsamba limene mphunzitsi amaonerapo kuti mwana aliyense wafika pati.

Chimene mumagula kwenikweni kwa anthu amenewa ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi mafunso ambiri oyeserera okhala ndi malongosoledwe a mayankho. Kumbukirani kuti si mafunso enieni a FAA, ndi ofanana nawo chabe, koma mwana amene wayankha mazana angapo amazolowera kafunsidwe kake, kamene nthawi zina kamakhala kokhotakhota. Chachiwiri n'chakuti malamulo akasintha, kampaniyo ndi imene imakonza maphunziro, inu osavutika. Pa nkhani imeneyi kosi ya pa intaneti imaposa buku, chifukwa buku likasindikizidwa lasindikizidwa. Mukagula mabuku a kalasi yonse, yang'anani chaka chake, ndipo dziwani kuti pakapita zaka zochepa mudzagulanso.

Makosi amenewa anakonzera munthu wamkulu amene walipira ndalama yake, ali ndi njala ya chiphaso, ndipo amaonera vidiyo usiku akaweruka ku ntchito. Mwana wa sekondale sali choncho. Mukawavalitsa mahedifoni ana 25 kuti aziyang'ana vidiyo ola lonse, pofika sabata yachitatu theka la kalasi likungodina batani lopitira patsogolo. Ndiponso pali ngozi yoloweza. Mwana amaona chithunzi cha mapu n'kukumbukira kuti yankho ndi lachiwiri, osadziwa chifukwa chake. Tsiku la mayeso funso likatembenuzidwa pang'ono, wagwa.

Malangizo anga ndi akuti mphunzitsi agule kosi imodzi yake, aiphunzire yonse, akalembe mayeso n'kutenga chiphaso iye mwini kalasi isanayambe. Madola 175 amenewo ndi ndalama yogwira ntchito kuposa ina iliyonse m'bajeti. Ana agulireni mafunso oyeserera okha, ndipo muwatulutse m'masabata omaliza.

Kugwirizana ndi koleji kapena kampani ya maphunziro

Njira ina ndi kutenga pulogalamu yathunthu kwa ena. Ku Florida, Gaetz Aerospace Career Academy (kale Gaetz Aerospace Institute) ya yunivesite ya Embry-Riddle imagwira ntchito ndi masukulu a sekondale, ndipo ana amapeza mamakisi a ku koleji adakali ku sekondale. Unmanned Safety Institute imagulitsa maphunziro a masukulu okhala ndi ziphaso zakezake za chitetezo. Makoleji ambiri a m'madera alinso m'ndondomeko ya FAA yotchedwa UAS Collegiate Training Initiative imene inayamba mu 2020, ndipo koleji yotere ikakhala pafupi nanu ndi bwino kukagogoda. Ali ndi aphunzitsi odziwa, zida, ndipo nthawi zina malo olembera mayeso ali pomwepo.

Ubwino wake ndi wakuti simuli nokha, ndipo makolo amasangalala akamva za mamakisi a ku koleji. Kuipa kwake ndi mtengo ndi ufulu: mumatsata ndondomeko ya eni ake. Onetsetsaninso kuti ana ndi makolo akumvetsa kusiyana kwa mapepala. Chiphaso cha kampani, kaya chikhale chokongola bwanji, sichilowa m'malo mwa cha FAA. Chololeza munthu kuulutsa pa ntchito yolipidwa ndi cha Part 107 chokha.

Za YouTube sindichulukitsa mawu. Kuli mavidiyo abwino aulere, ena otalika maola awiri, ofotokoza mayeso onse. Yang'anani tsiku limene anaikidwa. Ngati ndi Epulo 2021 isanafike, tengani gawo la mapu ndi nyengo lokha, la malamulo lisiyeni.

Zaulere zimene zimadzutsa kalasi

Pamene ana ambiri amagwera ndi pa mapu ndi pa nyengo, ndipo zida zabwino kwambiri zophunzitsira zimenezi si mabuku ayi. Tsegulani tsamba la mapu a ndege la SkyVector pa bolodi, mupeze pamene pali sukulu yanu. Funsani kalasi kuti mlengalenga wa pamwamba pa bwalo la mpira ndi wa gulu liti. Ngati muli pafupi ndi bwalo la ndege, m'dera la Class B, C, D kapena Class E yoyambira pansi, simungaulutse popanda chilolezo, ndipo chilolezocho chimapemphedwa kudzera mu LAANC, pa foni, nthawi zambiri n'kubwera pomwepo. Mwana akaona kuti nyumba ya kwawo ili mkati mwa mzere wabuluu wodukaduka, mapu amasiya kukhala chithunzi cha m'buku. Mapu amenewa amakonzedwanso masiku 56 aliwonse, ndiye amene ali m'kabuku ka mayeso ndi ophunzirira chabe, osati oulutsira.

Pa mapu pali msampha umodzi umene umakola ana chaka ndi chaka. Pambali pa chizindikiro cha nsanja pamakhala manambala awiri. Yakuda kwambiri ndi kutalika kuchokera pa nyanja, ya m'mabulaketi ndi kutalika kuchokera pansi pomwepo. Lamulo limati drone isapitirire mafiti 400 kuchokera pansi, pafupifupi mamita 120, koma ikakhala mkati mwa mafiti 400 kuzungulira nsanja itha kukwera mafiti 400 pamwamba pa nsongayo. Funso limodzi lotere limafuna kuti mwana asankhe nambala yoyenera, aphatikize, kenako aone ngati sanalowe m'mlengalenga wofuna chilolezo. Palibe vidiyo imene ingalowe m'malo mwa kuchita zimenezi ndi pensulo kambirimbiri.

Za nyengo, tsamba la aviationweather.gov limapereka malipoti a METAR a mabwalo ambiri a ndege. Yambani phunziro lililonse ndi lipoti la tsikulo. Mzere ngati 18012G20KT 10SM BKN025 umaoneka ngati matsenga, koma ukungonena kuti mphepo ikuchokera kum'mwera pa liwiro la ma knot 12, nthawi zina kufika 20, maso akuona mamailosi 10, ndipo mitambo yaphimba mbali yaikulu ya thambo pa mafiti 2,500. Kenako funsani: lero tingaulutse? Lamulo limafuna kuti muzitha kuona mamailosi atatu, ndipo drone ikhale mafiti 500 pansi pa mitambo ndi mafiti 2,000 kutalikirana nayo cham'mbali. Mphindi zisanu tsiku lililonse, pakutha pa mwezi ana amawerenga METAR asanakhale n'komwe pansi.

Gawo limene achinyamata amalikonda mosayembekezereka ndi la makhalidwe asanu oopsa amene FAA imatchula: kudana ndi malamulo, kupupuluma, kudziona ngati ngozi singakugwere, kudzionetsera, ndi kutaya mtima. Apatseni mpata akambirane. Aliyense amamudziwa mnzake wa khalidwe lililonse, ndipo ena amadzizindikira okha.

Nanga manja?

Poti mayeso safunsa kuulutsa, makosi ambiri ogula salabadira za manja. Komatu mwana amene wabwera ku kalasi ya drone wabwera kudzaulutsa, ndipo bwana amene adzamulembe ntchito adzafuna kuona ngati amatha. Malamulo a FAA amakhudza mlengalenga wa panja, choncho m'holo ya masewera mutha kuyamba tsiku loyamba ndi ma drone aang'ono otchinga mapiko. CoDrone EDU ya kampani ya Robolink inapangidwira m'kalasi, imalola ana kulemba mapulogalamu oiyendetsa, ndipo ndi imene imagwiritsidwa ntchito pa mpikisano wa Aerial Drone Competition wa REC Foundation. Dziwani chabe kuti maphunziro olemba mapulogalamu, monga a DroneBlocks, ndi phunziro lina. Ndi abwino, koma sakonzekeretsa mwana Part 107.

Sabata yoyamba yomweyo ana onse alembe TRUST, mayeso a pa intaneti a oulutsa mongosangalala, amene anayamba mu Juni 2021. Ndi aulere, ndi aafupi, ndipo ukalakwa funso amakulola kukonza. Mwana amapita kunyumba ndi satifiketi m'manja sabata yoyamba, ndipo zimenezo zimamupatsa mtima.

Poyesa luso la manja, njira imene ndimaikonda inachokera ku NIST, bungwe la boma loona za miyezo. Anakonza mayeso a zidebe zoyera zomangirira pa matabwa, mkati mwa chidebe chilichonse muli chizindikiro. Woulutsa ayenera kuimika drone pamalo enieni kuti kamera ione mkati mwa chidebe, ajambule, apite pa china, nthawi ikuwerengedwa. Apolisi ndi ozimitsa moto amayesedwa ndi njira yomweyi. Malangizo omangira ndi aulere, ndipo ana a kalasi ya ukalipentala atha kukukhomerani. Mumapeza malikisi enieni olemba m'buku, osati kungoti mwana uyu akuoneka kuti amatha.

Mukatuluka panja, drone youlutsidwa pansi pa Part 107 iyenera kulembetsedwa pa FAA DroneZone, madola 5 kwa zaka zitatu. Mwana wopanda chiphaso atha kugwira rimoti ngati mwini chiphaso ali pambali pake, wokonzeka kulanda nthawi iliyonse. Ichi ndi chifukwa china chimene mphunzitsi ayenera kukhalira ndi chiphaso chake. Musanagule ma drone akuluakulu funsani ku ofesi ya maphunziro, chifukwa zigawo zina, monga Florida, zinaletsa mabungwe a boma kugwiritsa ntchito ma drone opangidwa ku China, ndipo kampani ya DJI, imene ili ponseponse pa msika, ndi ya kumeneko.

Ndiye musankhe iti?

Ngati sukulu ikufuna pulogalamu ya zaka zingapo, lembetsani ku AOPA, muonjezere kabuku ka mapu ka mwana aliyense ndi mafunso oyeserera chakumapeto. Ngati muli ndi teremu imodzi, ACS ikhale msana wa kosi, kosi yogula ikhale ya inu mphunzitsi, ndipo nthawi yambiri ipite ku mapu ndi METAR. Pulogalamu yathunthu yogula ndi yoyenera pamene ndalama ilipo ndipo mphunzitsi alibe womuthandiza. Ndalama yaikulu, mulimonsemo, isathere pa mavidiyo. Ana 25 kulemba mayeso kamodzi ndi madola 4,375, ndipo kalasi imene yaphunzira chaka chonse koma osalemba chifukwa makolo alibe ndalama yataya cholinga chake. Funsani msanga ngati ndalama za maphunziro a ntchito zamanja, zimene zimabwera kudzera m'lamulo la Perkins V la 2018, zingalipire mayesowo m'chigawo chanu.

Kwa owerenga amene muli kunja kwa America, zolemba za FAA mutha kuzitsitsa ndi kuphunziramo za nyengo ndi kaulukidwe ka ndege, koma chiphaso cha Part 107 ndi cha mlengalenga wa America. Dziko lililonse lili ndi malamulo ake. Ku South Africa chiphaso chimafuna zaka 18 komanso mayeso oulutsa pamaso pa woyesa. Ku Malawi, kumene malo oyesera ma drone anatsegulidwa ku Kasungu mu 2017, maphunziro otere anayamba ndi African Drone and Data Academy, imene UNICEF inatsegula ku Lilongwe mu Januwale 2020 mothandizana ndi yunivesite ya Virginia Tech.

Chotsala ndi mapepala, ndipo amachedwetsa kuposa mmene mungaganizire. Mwana aliyense ayenera kutsegula akaunti pa IACRA, tsamba la FAA lopempherapo ziphaso, kuti apeze nambala yake yomuzindikiritsa yotchedwa FTN asanalembetse mayeso, ndipo tsiku la mayeso amafunika chitupa chovomerezeka chokhala ndi chithunzi. Ana ambiri a zaka 15 ndi 16 sakhala nacho, ndiye nkhaniyi muiyambe ndi makolo mwezi woyamba. Akakhoza, amapempha chiphaso pa IACRA pomwepo, bungwe la TSA loona za chitetezo cha maulendo limafufuza mbiri yake, kenako amalandira chiphaso chongoyembekezera chimene atha kusindikiza, khadi lenileni likubwera pa positi. Muwauzenso kuti miyezi 24 iliyonse ayenera kuchita maphunziro obwereza pa tsamba la FAASafety.gov. Amenewo ndi aulere, ndipo inunso aphunzitsi akukukhudzani.